Mbewa Zanga Zokalamba ndi Thalauza la Bambo

Wokondedwa Mzime,

Ndiyambe ndi moni monga anatiphunzitsira Amayi, ngakhale zala zikundiyabwa kuti ndilumphire pa nkhani. Uli bwanji mlongo wanga? Alamu ali bwanji, msana uja unawasiya? Nanga ana? Wamkulu uja akulumabe anzake kusukulu? Ngati akuluma usamumenye, watengera azakhali ake.

Kuno tadzuka. Ndikanalemba kuti tili bwino, koma ukundidziwa, bodza limandiima pakhosi ngati munga wa nsomba. Tadzuka basi.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati anthu akale pamene foni ili m'thumba. Pafoni umandidula mawu, ine ndi mtima wanga wapachalawu n'kuyamba kukuwa, ndiye makoma a nyumba yathu ukuwadziwa: munthu akayetsemula kuchipinda, wa pabalaza amati pepani. Bambo angamve. Kalata sungaidule. Ndikuilemba kuntchito, nthawi yopuma masana, m'kachipinda kosinthira zovala, pepala lili pabondo. Ukaona zilembo zapendekeka, vuto ndi bondo, osati mutu.

Uwerenge mpaka kumapeto usanandiimbire. Ndiyamba ndi mbewa, ndipo usadumphe ndime zimenezo poganiza kuti achemwali ayamba zawo zija. Ukadumpha mbewa, za Bambo suzimvetsa.

Ntchito yanga sunaifunsepo mofatsa. Umangonditcha mbusa wa mbewa, dzina limene anandipatsa Bambo, n'kumaseka. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili m'nyumba ya mbewa ino. Ndinalowa ndi chokolopera m'manja, wopanda pepala lililonse la sukulu, ntchito yanga kutsuka makola ndi kusintha utuchi. Zinazo ndinaphunzira ndi maso, komanso ndi mapepala amene ophunzira ankataya m'bini, ine n'kumatola, kumawerenga dikishonale ili pambali. Lero anthu a madigiri awiri amadzandipempha kuti ndiwagwirire mbewa, chifukwa iwo ikangowatembenukira amaiponya. Sindikudzitama, ndikunena zoona. Chabwino, ndikudzitama pang'ono.

Chaka chino bwana wathu, a Pulofesa, mayi wamfupi wolankhula ngati mawu aliwonse amayamba awayeza asanawatulutse, anayambitsa kafukufuku wa zotupa za khansa. Funso lawo linali ili: chotupa chimodzimodzi, ukachidzala mwa mwana ndi mwa nkhalamba, chimakula mofanana? Ndiye tinali ndi magulu awiri. Mbewa zazing'ono za miyezi itatu, zonyezimira, zothamanga ngati zaba kanthu. Ndi zokalamba za miyezi makumi awiri ndi iwiri, zimene kwa mbewa ndi msinkhu wa Bambo.

Zokalambazo ndinazilera ndekha kuyambira zili tiana tofiira topanda ubweya. Kufikitsa mbewa pa msinkhu umenewo si masewera, zambiri zimatsala panjira. Zanga zinachita imvi, zina dazi pamsana. Chakudya ndimazinyowetsera n'kuika pansi, chifukwa kuimirira kuti zifikire pamwamba pa khola zinasiya. Ukatsegula chivundikiro sizithawa, zimangokuyang'ana ngati zikufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani.

A Pulofesa amabaya tizidutswa ta chotupa, tosaoneka ndi maso, pansi pa khungu la m'nthiti, muyezo umodzi kwa mbewa iliyonse. Akatero ntchito imatsala yanga. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndimatenga mbewa imodziimodzi, kuona nambala ya pakhutu, kuyeza chotupa m'litali ndi m'lifupi ndi kachitsulo ka milomo iwiri, kenako kuiika pasikelo. M'buku langa muli mizere iwiri, wa kukula kwa chotupa ndi wa kulemera kwa mbewa.

Zimene ndinaona ndi maso anga ndi izi. Mwa zazing'ono chotupa chinkathamanga. Sabata yoyamba ngati njere ya mpunga, yachiwiri ngati nyemba, yachitatu tayamba kale kuzichotsa, chifukwa lamulo lathu limati chotupa chikafika muyezo wakutiwakuti, mbewa isavutike, timaigoneka tulo tosadzuka. Mwa zokalamba chinkachita ulesi. Sabata zitatu chidakali kanyemba. Zina ndinkachita kufufuza ndi chala kuti ndichipeze. Ndinkasangalala, ndisaname. Ndinkazinong'oneza kuti limbikani agogo, aonetseni anawa.

Tsopano za Bambo.

Miyezi inayi yapitayo ndinawapeza pakhonde ali pa makina awo osokera, kolala ya malaya atamanga mpaka batani lomaliza, dzuwa likuswa mtengo. Ndinafunsa ngati akupita kokafunsira. Anati telala amavala bwino tsiku lililonse, thupi lake ndiye chikwangwani cha ntchito yake. Tsiku lachitatu batanilo ndinalimasula ndekha, iwo akundimenya dzanja. M'khosi, pansi pa khutu lakumanzere, panali chotupa cholimba, chosapweteka, chosasuntha. Zala zanga zimadziwa zinthu zimenezi kuposa mutu wanga. 

Kuchipatala anatengako kachidutswa kukayeza. Patatha sabata ziwiri dokotala wa opaleshoni, mwamuna wamtali wa maso otopa, anatiuza mosazungulira kuti ndi khansa, kuti monga akuonera ikadali pamalo amodzi, ndipo akufuna kuichotsa isanayambe ulendo. Anatipatsa tsiku. Bambo anathokoza mwaulemu, n'kumufunsanso dokotalayo kuti jekete lake anasoka ndani, poti phewa lakumanja linali lokwera. Titatuluka anandigwira mkono n'kundilumbiritsa kuti iwe usamve. Anati Mzime ali ndi ana aang'ono ndi ntchito yatsopano, mtima wakenso ndi wanthete, angasiye zonse n'kuthamangira kuno. Ndinalumbira. Ndiye ukamawaimbira Lamlungu lililonse, iwo n'kumati ali gwa ngati mwala, ine ndimakhala pomwepo ndikudula anyezi, kuti misozi ikhale ndi chifukwa.

Kalata ino ndiye kuswa lumbirolo. Limenelo ndi tchimo laling'ono. Lalikulu likubwera.

Sabata imeneyo Bambo anasiya kudya. Makina anangoti zii. Ankakhala pakhonde kuyang'ana msewu, tepi yoyezera ili lende m'khosi, osasoka kanthu. Chimene ankaganiza ukuchidziwa. Amayi analowa pa khomo lomwelo la opaleshoni akutilangiza za maluwa awo kuti tizithirira, ndipo kunyumba sanabwerenso. Ine kuona munthu wamkulu akuchita mantha sindimatha. Mtima unandiwawa, ndiye pakamwa panatseguka pokha.

Ndinakhala pa mpando wa makasitomala n'kuwauza za mbewa zanga. Ndinati Bambo, zinthu izi ine ndimaziyeza katatu pa sabata, si zongomva m'basi. Mwa achinyamata chotupa chimathamanga, mwa okalamba chimakwawa. Thupi lanu ndi munda woguga, ngakhale udzu umameramo monyinyirika. Ndinawajambulira mizere iwiri kuseri kwa pepala la patani, wina wokwera phiri, wina wogona. Ndinati inu ndinu wogonawu.

Mzime, ukanaona nkhope yawo. Anatenga pepalalo, kuliyandikiza ku magalasi, n'kuyamba kufunsa ngati munthu wogula nsalu. Mbewa zingati? Unayeza wekha? Unayeza ndi chiyani? Nditawafotokozera za kachitsulo kanga anagwedeza mutu, anati munthu woyeza sanama, amanama ndi ongoyang'ana. Tsiku limenelo anadya mbale ziwiri. M'mawa mwake makina anayamba kulira.

Ine ndinkangofuna kuti adye, Mulungu ndi mboni. Koma tsiku la opaleshoni litayandikira anati ali ndi mayunifomu makumi anayi a sukulu ya mkaka ya kuseri kwathu, ana atsegulira posachedwa, ndipo munthu amene chotupa chake chikukwawa sangasiye ana a eni ake opanda zovala. Anati kawauze achipatala asunthe tsiku. Ndinayesa kukana. Anapisa m'thumba la malaya, kutulutsa pepala langa lija, n'kuliyala pa makina. Nanga ndikanatsutsana ndi dzanja langa lomwe?

Ndinapita ndekha kuchipatala. Namwino wa pa desiki anandifunsa kawiri ngati tikudziwa chimene tikuchita. Ndinamuyankha, ine mlongo wakone, kuti zotupa ndimazidziwa kuposa iye, ndakhala ndikuziyeza iye akadali ndi mamina kusukulu. Anangondiyang'ana, n'kufufuta dzina la Bambo. Ndikakumbukira maso a mtsikana ameneyo ndimasowa pobisa nkhope.

Kuyambira pamenepo Bambo anasanduka wofufuza. Anagula kabuku. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, masiku anga omwewo, ankaima pa galasi la makasitomala, kuyeza chotupa ndi tepi ya utelala, m'litali ndi m'lifupi, n'kulemba. Ndikaweruka tinkafananiza: mbewa yakuti yafika pati, iwo afika pati. Anasankhamo imodzi, nambala 31, yadazi, yamakani, yoluma aliyense kupatula ine, n'kumaitcha mnzawo. Ndikangolowa pachipata, moni usanathe, funso linali loti mnzanga wadzuka bwanji lero, wadya? Pochoka m'mawa ankati ukam'patse moni mnzanga, umuuze kuti ifenso tikukwawa.

Sizinathere m'nyumba. Madala aja amabwera kudzacheza pakhonde masana, ometa tsitsi wa pakona ndi uja anapuma ntchito ya njanji, onse anaphunzitsidwa. Ndinawamva tsiku lina Bambo akuwauza kuti mwana wanga wamkulu ndi wa sayansi, wapeza kuti matenda amenewa amatiopa ife akuluakulu. Wa sayansi, ine wa chokolopera. Ndinayenera kutuluka n'kuwongola nkhaniyo pomwepo. Sindinatuluke. Ndinaima kuseri kwa katani ndikumwetulira ngati chitsiru.

Ndisakubisire, chimwalirire Amayi sitinagwirizanepo chonchi ine ndi Bambo. Kwa nthawi yoyamba ntchito yanga inali nkhani ya patebulo, osati nthabwala. Mwina n'chifukwa chake ndinachedwa kudzidzimuka. Mayunifomu anatha, kunabwera suti ya mkwati. Suti itatha kunabwera makatani a nyumba yonse. Tsiku latsopano osakatenga.

Sabata ziwiri zapitazo, Lachisanu, ndinaika nambala 31 pasikelo. Chotupa chake chinali chidakali kanyemba. Koma sikelo inati mbewayo yataya gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi lake. Lamulo lachiwiri la m'nyumba ino, limene ine ndemwe ndimakalipira nalo ophunzira, limati mbewa ikaonda kufika pamenepo imachotsedwa, chotupa chikhale chachikulu kapena chaching'ono. Ndinaiyeza katatu. Ndinapukuta sikelo, kuizimitsa, kuiyatsanso. Kenako ndinabwerera masamba a m'mbuyo. Mzere wa kulemera unali ukutsika kwa sabata zinayi, m'zilembo zanga zomwe. Dzanja linkalemba, maso ali pa mzere winawo umene unkandisangalatsa. Sinalinso yokha. Zokalamba zisanu ndi ziwiri zinali panjira yomweyo.

Nambala 31 ndinainyamula ndekha kupita nayo kwa a Pulofesa. Titaigoneka, iwo anaitsegula n'kundiitana kuti ndione. Mapapo ake anali ndi timadontho paliponse, ngati nsalu ija Amayi ankaikonda ya mawangamawanga. Kunja kanyemba, m'kati chotupa chinali chitamwaza kale ana ake.

Ndinafunsa ngati ndiye kuti zonse tinaona zija n'zabodza. Anati ayi, n'zoona, chotupa cha mtundu uwu pansi pa khungu la mbewa zathu zokalamba chakuladi pang'onopang'ono, ndipo adzalemba choncho. Koma kukula kwa pakhungu ndi nkhani ina, kufalikira m'kati ndi ina, mphamvu ya thupi yopirira ndi inanso. Anati m'chipinda chachiwiri, mmene akuyesa mtundu wina wa chotupa, mmene ine sindilowamo, zinthu zatembenuka: mwa zokalamba ndi mmene chikuthamanga. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti mbewa imeneyi yandikhudza bwanji chonchi, poti mbewa ndagoneka mazanamazana osaphethira.

Ndinawauza zonse, kuyambira batani la kolala mpaka namwino uja. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo ndinali nditakonzeka kubweza, umandidziwa. Sanakalipe. Anavula magolovesi chala chimodzichimodzi n'kunena kuti:

"Chotupa ichi tinachidzala tokha, tikudziwa tsiku ndi ola lomwe. Cha bambo anu chinamera chokha, palibe akudziwa kuti chinayamba liti. Ine zaka makumi atatu ndili ndi mbewa, koma bambo anga sindingawayeze ndi buku ili. Vulani gawuni, pitani kuchipatala lero."

Ndinapita. Ndinapeza namwino yemwe uja. Ndinam'pepesa mokweza pamaso pa mzere wonse, poti ndinam'nyozanso mokweza. Anati zilibe kanthu mayi, anthu akakhala ndi mantha amalankhula zambiri.  Anatipezera malo kwa dokotala Lolemba lake.

Bambo sindinawauze tsiku lomwelo. Ndinkadzinyengabe kuti mwina iwo ndi ena. Nanga si akudya, akusoka, zovala zikuwakhala bwino ngati kale? Munthu akamaonda thalauza limam'gwa, aliyense amadziwa.

Loweruka ndikusita zovala zawo, ndinatembenuza thalauza la bulawuni, lija amapita nalo kutchalitchi. Kumbuyo, pa msoko wa m'chiuno, panali mizere itatu ya ulusi. Msoko wakale wa ulusi wofwifwa. Wachiwiri, chala chimodzi m'kati. Wachitatu, watsopano, chala chinanso m'kati. Ndinatembenuza lakuda, chimodzimodzi. Lotuwa, chimodzimodzi. Malaya nawo anali atabwezedwa m'mbali. Ngakhale lamba anamuboola mabowo awiri atsopano, n'kupakamo polishi kuti aoneke akale.

Madala amenewa akhala akubweza zovala zawo ine ndili kuntchito. Kawiri. Ntchito yaukhondo, Mzime, sungaone ngakhale utayandikira. Ine wokweza mbewa pasikelo katatu pa sabata, bambo anga ondibereka akusungunuka m'nyumba momwemo, osawayeza ngakhale kamodzi.

Ndinatuluka ndi thalauzalo m'manja, simbi nditaisiya pa malaya mpaka inaboola. Zimene ndinalankhula pakhonde paja sindilemba zonse, pepala lingapse. Ndinawatcha wachinyengo, telala wa mabodza, ndi mayina ena amene sungawerengere ana. Mayi wogulitsa tomato kutsidya kwa msewu anaimitsa malonda. Bambo anangopitiriza kulowetsa ulusi pa singano, osalowa, kunyowetsa, kuyesanso, osalowa. Nditatopa ndinakhala pansi pa simenti n'kuwauza za mapapo a mnzawo, za chipinda chachiwiri, ndi zimene ananena a Pulofesa. Ndinati Bambo, ndinalakwa, ndinalankhula zimene sindikuzidziwa, ndakusocheretsani ndine. Mawu amenewo ukudziwa kuti m'kamwa mwanga samera kawirikawiri.

 Bambo anafunsa ngati mnzawo anavutika. Ndinati ayi, ndinali nditamugwira ndekha mpaka kumapeto. Anati wachita bwino. Anaika singano pansi n'kunena kuti:

"Ukuganiza kuti sindimadziwa kuti sindine mbewa? Chiuno changa ndachiyeza zaka makumi asanu. Koma unabwera ndi nkhope yowala, mwana wanga, ukundiphunzitsa za ntchito yako. Ndikanati chiyani? Ndiponso zimene unanenazo zinali zokoma kumva."

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, apita okha. Ayi ndithu.

Lolemba ndinawakokera kuchipatala. Powakweza pasikelo namwino anadabwa kuti thumba la jekete likulendewera bwanji. Munali sizasi yaikulu ija yodulira nsalu, thumba linalo mtolo wa makiyi a nyumba yonse. Atawalanda zimenezo, sikelo inati ataya makilogalamu asanu ndi anayi. Anawajambula, anawatenga magazi. Dokotala wamtali uja anati chotupa chakula, ndipo timwanabere tiwiri tapafupi tagwidwa kale, koma m'mapapo sanaonemo kanthu. Anati opaleshoni ikadatheka, kungoti idzakhala yaikulu kuposa mmene ikanakhalira pa tsiku loyamba lija, ndipo pambuyo pake padzafunikanso chithandizo china. Anati za mayunifomu sakufuna kumvanso. Tsiku ndi Lachiwiri pa 9 mwezi wamawa, kugonekedwa Lolemba pa 8 m'mawa.

Pamaso pa dokotala Bambo anavomera bwinobwino, anamugwira ndi dzanja lomwe. Tili m'basi ndi pamene anayamba. Anati dzana unati dikirani, lero ukuti thamangani, ndimvere uti mwa awiriwa? Anati telala akadula nsalu molakwa kamodzi, mwini nsalu sabwereranso ngakhale umupepese chotani. 

Dzulo ndawamva akuuza mayi wina kuti adzabwere kudzayesa diresi pa 10. Pa 10, Mzime. Nditalowerera anati asokoneza masiku, ndi ukalamba. Bambo sasokoneza masiku, suti imene anasoka iwe usanabadwe amakumbukira kuti mwini wake anadzatenga Lachingati. Kabuku kaja akuyezerabe, kungoti tsopano amakabisa pansi pa nsalu.

Ndayesa njira zonse. Ndinawatumira abusa, anawapatsa tiyi n'kuwayeza jekete, abusa anatuluka akukamba za mabatani. Ndinawatumira azakhali athu, anabwerako akulira okha, atavomereza kuti mpeni ndi woopsadi. Ometa tsitsi uja ndinakamupeza pa ntchito yake kukamuuza kuti zija anamva pakhonde aziiwale, n'zanga zopusa, ndipo akamva kanthu m'thupi athamangire kuchipatala. Anavomera, koma kukalankhula ndi Bambo anakana, akuti amawaopa. Ine mawu anga anasukuluka, ndinawasukulutsa ndekha. Watsala iwe.

Usandifunse chifukwa chake amakumvera. Ine ndawaphikira zaka zisanu ndi chimodzi, kuwachapira, kuwakumbutsa mankhwala, koma ndikati valani juzi kukuzizira amati sindine mwana. Iwe ukangoti Bambo valani chipewa, amavala ngakhale m'nyumba. Kale zinkandiwawa, sindikubisa. Lero ndikuthokoza Mulungu kuti pali munthu mmodzi amene madala amenewa sangamukanire.

Koma usawaimbire foni. Pafoni adzakuuza kuti ali gwa, adzakuseketsa, iwe n'kukhulupirira chifukwa nawenso udzafuna kukhulupirira, ndi matenda a banja lathu amenewo. Ubwere. Udzawaone m'masaya, udzawakumbatire umve nthiti. Ufike Loweruka pa 6 kapena Lamlungu, udzagone m'chipinda mwawo, Lolemba udzawaveke nsapato. Usadzayambe kuwafotokozera za matenda, zimenezo amva zokwanira kwa ine. Udzangoti Bambo tiyeni. Kuntchito kwako ukanene zoona, kuti bambo ako akulowa opaleshoni ndipo akuopa. Bwana amene sangamve zimenezo si woyenera kumugwirira ntchito, ndipo akavuta undiuze ndimulembere kalata yakeyake.

Pali china chimene sindinakuuzepo, ndichichotseretu pakhosi poti ndayamba kale. Nthawi ya Amayi unandiimbira chikwama chili m'manja, kufunsa ngati unyamuke. Ndinati dikira, palibe changu, ndikuwaona ine, akuchira. Unafika atatseka kale maso. Zaka zonsezi sunandinenepo kanthu, ngakhale tsiku limodzi, ndipo kukhala chete kwakoko kumandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndinalakwa pamene paja, ndalakwanso apa, kulakwa kwake kumodzimodzi: ndimaona pang'ono n'kulankhula ngati ndaona zonse. Undikhululukire, mlongo wanga. Sindikudziwa mmene opaleshoni idzayendere. Dokotala akuti mwayi ulipo wabwino, ine sindiwonjezerapo kanthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti ulendo uno sindikuuza kuti dikira.

Ukafika usadzaname kuti wangodutsa. Udzawauze kuti ndinakulembera, ndinaswa lumbiro. Adzandikwiyira, mwina sabata yathunthu osandilankhula. Andikwiyire ali m'wodi, bandeji ili m'khosi. Ndidzawapititsira chakudya ali chikwiyire, ndidzawasambitsa ali chikwiyire, sindidzadandaula.

Nthawi yopuma yatha, ndilekere pomwepa. Undiperekere moni kwa alamu, uwauze andikhululukire powabera mwamuna sabata imodzi. Ana uwafungatire m'malo mwanga, uwauze kuti agogo awo akudwala koma makani akadali pomwepo. Mulungu akusunge panjira, akupatsenso mawu ochepa ofatsa amene ine sanandipatse.

Chikwama cha kuchipatala ndalongedza kale, chili pansi pa bedi langa. Chimenecho ndidzanyamula ine. Iwe udzagwire bambo ako pa mkono.

Ndine mlongo wako wokukonda, ngakhale wapakamwa,

Chisamba